Final Fantasy VII yakale ndi ma remake ake awiri, ndemanga nditamaliza zonse

Amene mumandifunsa kuti mugule iti, yankho ndi ili: yambani ndi yakale ya 1997 ija, kenako Remake, ndipo Rebirth muiganizire pokhapokha ngati muli ndi makina atsopano monga PS5 kapena kompyuta yamphamvu ndithu komanso nthawi yoti mutaye. Ndasewera zonse zitatu mpaka kumapeto, yakale pa foni ndi pa PS4, Remake pa PS4 yanga yomwe ndinagula kwa munthu, Rebirth pa PS5 ya alamu anga ku Katoto, ndiye ndikunena zomwe ndaona ndekha osati zomvera kwa ena ayi.

Kuno ku Mzuzu mukalowa m'ma game center aku Chibavi kapena ku Luwinga mupeza FIFA ndi Mortal Kombat basi, ndiye ndifotokoze pang'ono kwa amene simukuidziwa. Final Fantasy VII inatuluka mu 1997 pa PlayStation yoyamba, inapangidwa ndi Square ya ku Japan yomwe pano ndi Square Enix, ndipo inali pa ma disiki 3. Mumasewera ngati Cloud Strife, mnyamata wa chilupanga chachikulu amene walembedwa ganyu ndi gulu la Avalanche la Barret Wallace kuti akaphulitse reactor ya Shinra, kampani ya magetsi yomwe ikupopa mako pansi pa nthaka, pomwe mako ameneyo ndiye moyo wa dziko. Zoti mdani wamkulu ndi kampani ya magetsi sindiyankhulapo zambiri, mungandinamizire.

Yakaleyo maonekedwe ake akalamba, osabisa. Anthu ake ndi timabokosi, manja opanda zala, ndipo malo ena sungadziwe kuti khomo lili pati mpaka utadina select kuti ikuonetse timivi. Palibe mawu, zonse umawerenga wekha, Chingerezi chakenso pena chimapunduka, mpaka dzina la Aerith, mtsikana wa m'gulu la Cloud, analilemba kuti Aeris. Adani amangotulukira osawaona, ukuyenda bwinobwino sikirini ija yazungulira, ndewu. Koma ma version omwe akugulitsidwa pano pa PS4, Switch ndi ena ali ndi batani lothamangitsa gemu katatu komanso lozimitsa adani ongotulukirawo, ndiye chotopetsa chachikulu chinachepa. Pa foni musavutike ndi kudina pa galasi, lumikizani padi ya Bluetooth, apo ayi mudzaitaya musanatuluke mu Midgar, mzinda womwe gemu imayambira.

Chomwe sichinakalambe ndi materia. Timiyala ta matsenga timeneti umaika m'mabowo a chida kapena chibangili, ndipo mabowo ena ndi olumikizana, ndiye ukaika Restore pambali pa All umachiza gulu lonse kamodzi, ukaika Fire pambali pa Elemental pa lupanga ndiye kuti kumenya kulikonse kukutentha. Munthu umatha usiku wonse ukusinthasintha timiyala osamenya ndi mdani mmodzi yemwe. Chinanso ndi liwiro la nkhani, gemu imeneyi sichedwa pamalo, Midgar yonse umaimaliza mu maola 5 kapena 6 kenako dziko lonse likutsegukira, Kalm, Junon, Gold Saucer, Cosmo Canyon, kumangopita.

Ndiye apa mpomwe Remake imasiyana. Inatuluka mu April 2020 pa PS4 ndipo yonseyo, ma chapter 18, ndi Midgar yokhayo. Maola 5 aja anawatambasula kufika 30 kapena 40. Pena zinawayendera kwambiri aise. Jessie, Biggs ndi Wedge, a m'gulu la Avalanche, mu yakale anali anthu ongodutsa, koma muno umakhala nawo, umapita mpaka kwawo kwa Jessie kukaona makolo ake, umayenda mu Sector 7, dera la amphawi mu Midgar, kumva anthu akudandaula za moyo wa pansi pa chimbale chachitsulo chomwe olemera amakhala pamwamba pake, ndiye zoipa zikadzachitika kumeneko zimakupweteka zenizeni chifukwa nkhope zija ukuzidziwa. Dera la Wall Market ndi bwana wake Don Corneo anaipanga bwino kuposa momwe ndimayembekezera, ndinaseka mpaka a neba kugogoda.

Ndewu zake ndiye chinthu chabwino koposa mu Remake, pamenepa sinditsutsana ndi munthu. Umamenya wekha ndi batani ngati ma gemu a masiku ano, koma kumenyako kumadzadzitsa ATB, mita yomwe inaliponso mu yakale, ikadzadza umatsegula menu nthawi nkuyenda pang'onopang'ono kuti usankhe matsenga kapena mankhwala. Ndipo sungangokakamira Cloud, Barret ndiye wowombera zouluka ndi zili patali, Tifa ndi wachangu ndipo mdani akagwa stagger, kutanthauza kufooka kwa kanthawi, iyeyo ndi amene amakweza mlingo wa kuvulaza, Aerith amaima patali nkumaponya matsenga. Ukaphunzira kusintha anthu pakati pa ndewu gemu imasanduka ina. Amene zala zanu ndi zolemera pali Classic mode yomwe imakumenyerani, inu nkumangosankha pa menu. Kumaliza kamodzi kumatsegula Hard mode yomwe salola kugwiritsa ntchito mankhwala a m'thumba, imeneyo ndi ya anthu olimba mtima.

Koma kutambasula kuja kuli ndi mtengo wake. Pali malo pomwe gemu imakhala ngati tiyi wothiridwa madzi kuti akwanire alendo. Dziko likufa, iwe akukutuma kukasaka amphaka a kamwana ndi kupha makoswe. Pali chigawo cha pa msewu wogumuka chomwe umayendetsa zimanja za makina kunyamula Aerith ndi ma kontena, chimachedwa moti umafuna kulira, ku ma sewer umapitako kawiri, ndipo labu ya Hojo, wasayansi wa Shinra, cha kumapeto ndi yaitali popanda chifukwa pa nthawi yomwe mtima ukufuna nkhani ithamange. Kulikonse Cloud akudzipanikiza kudutsa m'timipata tothina pang'onopang'ono, ndikuganiza kuti ndi njira yobisira loading. Pa PS4 nkhope za anthu akuluakulu nzokongola zedi koma zitseko ndi milu ya zinyalala pena zimaoneka zosamaliza, chitseko cha chipinda cha Cloud mu Sector 7 mudzachiona nokha. Intergrade, version ya Remake ya 2021 pa PS5, inakonza zimenezi nkuwonjezera kachigawo ka mtsikana wotchedwa Yuffie, komwe ya PS4 ilibe.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kunena kuti yambani ndi yakale. Dzina loti Remake limapusitsa, munthu umaganiza kuti ndi gemu yomweyo yavala zovala zatsopano ndiye palibe chifukwa chosewerera ya timabokosi ija, koma si choncho. Remake inalembedwa poganiza kuti yakale mukuidziwa kale. Muli timizukwa touluka totchedwa Whispers tomwe ntchito yake ndi kukakamiza kuti zinthu zichitike monga zinachitikira mu 1997, ndiye ngati simukudziwa zomwe zinachitika mu 1997 mungoona nsanza zikuuluka nkumatchinga njira. Mphwanga amene anayamba ndi Remake anafika kumapeto nkundifunsa kuti kodi mnyamata wa tsitsi lakuda uja ndi ndani, akunena Zack, ndipo palibe pomwe gemu inamufotokozera bwino. Ine poti ndimadziwa ndinakhala chilili, iye amangoyang'ana foni.

Za Sephiroth, mdani woopsa amene Cloud amamulondola, ndiye zimandiwawa kwambiri. Mu yakale munthu ameneyu sumuona kwa nthawi yaitali, umangomva dzina. Umadzuka mu selo ya Shinra zitseko zili pululu, magazi ali mzere pansi, ukutsatira mpaka pamwamba nkupeza President Shinra atafa lupanga lalitali lili kumsana. Kenako kunja uko chinjoka chomwe iwe umachithawa pa chocobo, chimbalame chokwera, ukuchipeza chitapachikidwa pa mtengo, Cloud nkungofunsa ngati ndi ntchito ya Sephiroth. Mantha ake amabwera chifukwa sukumuona. Mu Remake akutulukira pa chapter 2, kenako mobwerezabwereza, akumwetulira nkumayankhula zophiphiritsa, mpaka umamuzolowera ngati munthu wa pa mzere wanu. Tetsuya Nomura, amene anajambula anthu a mu yakale ndipo ndi amene anatsogolera Remake, amakonda nkhani zopiringizika chonchi, ena zimawasangalatsa, ine ayi kwenikweni.

Nyimbo palibe chodandaula mbali zonse. Za Nobuo Uematsu za 1997 zikadali zamphamvu ngakhale pa ka sipika ka foni, ndipo mu Remake anazikonzanso moti nyimbo imodzi imasintha yokha ukachoka poyenda kulowa mu ndewu. Valani ma headphone.

Rebirth inatuluka pa 29 February 2024 pa PS5, pa kompyuta inabwera mu January 2025. Imayambira ku Kalm nkukathera ku Forgotten Capital, kutanthauza pomwe disiki yoyamba ya gemu yakale imathera, ndiye mukaphatikiza ma gemu awiri akuluakuluwa nkhani ikadali kudikira gawo lachitatu. Kukongola kwake ndiye eee, ukatuluka koyamba ku Grasslands umangoima kuyang'ana. Red XIII amene mu Remake amangoyenda nanu pano mumamugwira nokha, Yuffie ndi Cait Sith chimodzimodzi, koma Vincent ndi Cid ayi, amangokhalapo. Anawonjezera zomenya awiriawiri zotchedwa synergy ndipo ndewu zinakoma kuposa za Remake. Ka gemu ka makhadi ka Queen's Blood kanandigwira moyipa, alamu anga amabwera kuchokera kuntchito nkundipeza ndikusewera makhadi m'malo mopulumutsa dziko.

Vuto ndi kuchuluka. Dera lililonse lili ndi nsanja zokwera, timiyala tofufuza, ndipo kamnyamata kotchedwa Chadley kamakuyimbira pafupipafupi kukuuza zomwe waona kale ndi maso ako. Ma minigame ena sungawadumphe, ku Costa del Sol umayenera kusewera kaye kuti upeze zovala za kunyanja nkhani isanapitirire. Gongaga ndi nkhalango yomwe mapu ake sathandiza, ndimangozungulira pamalo amodzi. Mathero ake sindiulula, koma amene munasewera yakale mukudziwa chomwe chimachitika pamalo amenewo, ndipo mu 1997 anachichita mwachidule, mosakuwa, nchifukwa chake anthu sanachiiwale. Muno anachikulunga ndi zinthu zambirimbiri moti nditamaliza ndinayamba kufunsa kuti chachitika nchiyani m'malo momva chisoni.

Ndikapereka nyenyezi, yakale 5 pa 5 ngakhale ili ndi zipsera, Remake 4, Rebirth 4 koma ya munthu wopirira.

Za kagulidwe tsopano, poti kuno izi ndi zofunika kuposa ma graphics. Remake imafuna malo pafupifupi 100GB pa PS4, Rebirth pafupifupi 150GB, ndiye zoti mudawunilode ndi bando ya pa foni iwalani, pezani ya disiki. Zonse ziwiri zimabwera ndi ma disiki 2, ina ya data yomwe umayamba kuika kuti ikopere mu makina, ina yosewerera. Mukamagula kwa munthu tsegulani kabokosi muone kuti onse awiri alimo, chifukwa wogulitsa amene anaika kale data pa makina ake atha kukuonetsani gemu ikuyenda ndi disiki imodzi, inu nkukafika kunyumba osayamba. Onaninso kumbuyo kwa kabokosi kuti muli Chingerezi, PS4 siletsa ma disiki a maiko ena ndiye a ku Asia amafika m'manja mwa anthu, muyeseni pomwepo musanapereke ndalama. PS4 yakale imalira fani kwambiri ndi Remake, ipukuteni fumbi ndipo musaitsekere mu kabati ngakhale kuli kozizira bwanji. Pa nkhani ya kuzima kwa magetsi ma remake ali bwino chifukwa amaseva okha ndipo umatha kuseva pafupifupi paliponse kunja kwa ndewu, pomwe yakale imafuna ufike pa save point kapena utuluke pa mapu aakulu, ndiye mukamaisewera pa TV musadutse save point osaseva ngakhale mwangoseva kumene.