Soda wa m'kapaketi: pa chigumu ndi katswiri, pa masamba ayi

Kapaketi ka soda kamene ndimagula pagolosale yapafupi ndi kwathu sikachedwa kutha. Papaketipo analemba bicarbonate of soda, kusukulu amati sodium bicarbonate, NaHCO3. Pa chigumu sindingamunyoze: kasupuni kamodzi kakang'ono mu mgaiwa wosakaniza ndi chambiko, chigumu chimafufuma bwino kwambiri. Chinsinsi chake n'chakuti soda akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya wa carbon dioxide. Mwana wanga wa Fomu 2 anandionetsa zimenezi: anathira viniga m'botolo, soda m'chibaluni, n'kuchivekera kukamwa kwa botolo. Soda atagwera m'kati, thovu linati fuu, chibaluni n'kufufuma chokha.

Pa therere amagwira ntchito, koma ine ndimakondabe chidulo cha phulusa la zitsononkho. Soda mukangopyola muyeso, ndiwo zimamveka sopo m'kamwa. Ndipo inu othira soda mu nkhwani ndi nyemba kuti zipse msanga, dziwani kuti amaononga mavitamini, makamaka C ndi B1. Makala mwapulumutsa, inde, koma zakudyazo mwazichotsa mphamvu.

Ena amamumwa akamva chilungulira. Amathandizadi, koma muli sodium monga mu mchere, ndiye odwala BP asamazolowere.

Chondidandaulitsa ndi kapepala kake: kakatsegulidwa m'dzinja, soda amaundana. Ine ndimamusamutsira m'botolo lotsekeka, kutali ndi caustic soda wopangira sopo, amene amawotcha khungu.