Besi ikamavuta m'chipinda: Equalizer APO kapena kukonza chipindacho?

Chipinda chotalika mamita 4 chimakokomeza mawu otsika kwambiri (besi) a pafupifupi 43 Hz. Besi imagunda mpaka mawindo kunjenjemera, mawu a woyimba n'kumira.

Equalizer APO ndi pulogalamu yaulere ya Windows yokweza kapena kutsitsa magawo osiyanasiyana a mawu. Mumayeza chipinda ndi pulogalamu yoyezera mawu ya REW, nayonso yaulere, kenako n'kutsitsa ndi Equalizer APO pomwe besi yanyanya. Njira inayo ndi yamanja: kuchotsa masipika pakona, kuyala kapeti, kupachika makatani okhuthala.

Mtengo: pulogalamu sifuna ndalama, koma maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1 njogula. Kusuntha masipika n'kwaulere, pomwe zomeza besi zoika m'makona zimadula.

Zotsatira: pulogalamu imachepetsa bwino besi yochuluka. Koma pamalo pomwe mawu amafafanizana, kukweza sikuthandiza, mungolemetsa sipika pachabe. Imakonzanso makamaka pampando womwe munayezera. Kapeti ndi makatani zimachepetsa kulira kwa makoma a simenti m'chipinda chonse, koma besi siziigwira.

Ngati mumamvera muli nokha padesiki, pulogalamu ikukwanirani. Pabalaza pokhala banja lonse, yambani mwasuntha masipika. Ine ndimayeza pambuyo pake, chifukwa sipika ikasuntha, muyeso wakale watha ntchito.