PLAXIS 2D pa dothi la magawomagawo la kuno ku Harare

Abale angapo a ku Malawi omwe tili nawo pa ntchito ya zomangamanga kuno ku Harare akhala akundifunsa ngati PLAXIS 2D, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera mmene dothi limachitira likasenza katundu kapena likakumbidwa, ndi yoyenera kutulutsira madola. Ine ndimati eya. Chimene ndimaikondera kwambiri ndi gawo lake loyambirira, lija amati Initial phase, pomwe mumaiuza kompyuta mmene dothi lapanikizikira kale munthu asanalowetse khasu pansi. Mukalakwitsa pamenepo, zonse zotsatira, kaya ndi kutitimira kwa maziko kaya kupindika kwa khoma lotchinga dothi, zimatuluka zokhota ngakhale zithunzi zake zikongole chotani.

Pulogalamuyi inayambira ku yunivesite ya Delft ku Netherlands mu 1987, poyesa kuwerengera zipupa zotchinga madzi pa dothi lofewa la kumeneko, ndipo kuyambira 2018 ili m'manja mwa Bentley Systems. Dothi lathu ndi lina. Kumpoto kwa mzinda kuli katondo wofiira, chakumwera monga ku Epworth ndi Chitungwiza kuli mchenga wochokera ku miyala ya granite, ndipo m'madambo ngati la Monavale muli makande akuda otupa nthawi ya mvula.

Njira yoyamba imene imapereka pa gawo loyambirirali ndi K0 procedure, ndipo ndi yachangu zedi. K0 ndi nambala imene mumachulukitsa nayo kupanikizika kochokera pamwamba kuti mupeze kukankha kwa m'mbali. Tiyerekeze kuti pamwamba pali katondo wa mamita 3 wolemera 18 kN/m³. Pansi pa gawo limeneli dothi lapanikizika ndi 54 kPa kuchokera pamwamba. Ngati K0 ya katondoyo ndi 0.5, kukankha kwa m'mbali ndi 27 kPa. Mukangotsika pang'ono kulowa gawo lachiwiri lomwe K0 yake ndi 0.7, kulemera kochokera pamwamba kudakali 54 komweko, koma kwa m'mbali kwalumphira pafupifupi 38 kPa. Mnyamata wina yemwe wangobwera kumene mu ofesi mwathu ataona mzere ukuthyoka chonchi pa malire a magawo awiriwo anandiitana: “Achimwene, tabwerani muone, kompyuta yasokoneza.” Sinasokoneze ayi. Dothi la magawo limatero ndithu, ndipo ndimayamikira kuti PLAXIS imalola gawo lililonse kukhala ndi K0 yakeyake ndi kuonetsa kulumphako poyera.

Madzi nawonso imawasamala bwino. Ngati madzi a pansi ayambira pa mamita 3 ndipo gawo lachiwirilo likulemera 20 kN/m³, pa mamita 5 kulemera konse ndi 94 kPa, madzi anyamulapo 20, dothi lenilenilo latsala ndi 74. K0 imachulukitsa 74 ameneyo, osati 94. Chovuta chili kwa ife: dzenje loyezera lokumbidwa mu October limakhala louma gwa, pomwe mu February lomwelo ladzaza. Muyenera kusankha nokha kuti mukuwerengera nyengo iti, ndipo ine ku malo oyandikana ndi dambo ndimayesa zonse ziwiri.

Pamene ndimachenjeza anzanga ndi pa nambala imene pulogalamuyi imadziikira yokha. Mukapanda kuikhudza, imatenga K0 kuchokera ku lamulo la Jaky la 1944, loti 1 kuchotsapo sin φ, pomwe φ ndi ngodya yosonyeza mmene timibulu ta dothi timagwiranirana. Lamuloli limayenera dothi lomwe silinasenzepo katundu woposa amene lasenza lero. Dothi lambiri la Harare silinabwere ndi madzi n'kuunjikana, linachita kufumbutuka kuchokera ku mwala uli pomwepo, ndiye kungovomereza nambala ya Jaky osaiganizira n'kudzinamiza. Malo olembamo OCR ndi POP, nambala zosonyeza katundu amene dothi linasenzapo kale poyerekeza ndi wa lero, alipo, agwiritseni ntchito ngati zotsatira za ku labotale zikukupatsani chifukwa.

Ngati malo ndi otsetsereka, kapena magawo apendekeka, kapenanso madzi a pansi sali pa mzere wowongoka, K0 procedure isiyeni. Buku la malangizo la pulogalamuyi limanena zimenezi momveka bwino. Apa pamafunika Gravity loading, pomwe kompyuta imasenzetsa dothi kulemera kwake komwe mpaka zonse zitakhazikika. Koma dziwani kuti mukamagwiritsa ntchito Mohr-Coulomb, imodzi mwa njira zofotokozera kompyuta khalidwe la dothi, kukankha kwa m'mbali kumadalira kwambiri nambala ya Poisson, yosonyeza mmene dothi limafutukukira m'mbali likapanikizidwa: mukaika 0.3 mumapeza K0 ya pafupifupi 0.43, ndipo ngakhale muikweze bwanji simungadutse 1. OCR ndi POP zija pa njira imeneyi sizigwiranso ntchito. Onetsetsaninso kuti kutitimira kobwera ndi gawo loyambirirali kwabwezedwa pa ziro musanayambe kukumba, apo ayi mudzauza mwini nyumba za kutitimira komwe kunatha kalekale iye asanagule n'komwe malowo.

Mtengo wa laisensi ndi wolemera kwa kaofesi kakang'ono, ndipo pa nyumba wamba ya m'malokeshoni cholembera ndi pepala n'zokwanira. Koma amene mukukumba zipinda za pansi m'tauni pafupi ndi nyumba za ena, kapena mukumanga damu la dothi, igulani. Pa bajeti yomweyo siyanipo ndalama ya mayeso a triaxial ndi oedometer, omwe ndi a ku labotale oyezera kulimba ndi kupanikizika kwa dothi, chifukwa K0 ndi OCR za malo anuwo zichokera kumeneko.