Daredevil patatha miyezi 9: mawu ena amene ndinanena mu Januwale ndikuwabweza

Amene munawerenga zimene ndinalemba mu Januwale mukukumbuka kuti nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza sizoni yoyamba ya Daredevil ndi maepisodi anayi a sizoni yachiwiri, ndipo ndinanena mosapsatira kuti mwamuna weniweni mufilimuyi ndi Frank Castle, uja amamutcha Punisher, pomwe Matt Murdock, amene ndiye Daredevil mwiniwake, ngofewa mtima, amamenya zigawenga nkuzisiya zamoyo kuti mawa zikazunzenso anthu. Ndinafika mpaka polemba kuti kuno ku Mangochi titangokhala ndi a Punisher awiri atatu umbava utha. Pano ndi Okutobala, maepisodi onse 39 ndawamaliza, ena kawiri ena katatu, ndiye ndabweranso. Amene simunaonere dziwiranitu kuti ndiulula zambiri.

Filimuyi inali mu laputopu imene achimwene anandisiyira pobwerera ku Joni itatha Khrisimasi. Ndimaonera usiku ndikatseka kashopu kanga kokonza ndi kutchaja mafoni cha ku Mpondasi, ndipo ndikuuzeni chinthu chimodzi chothandiza, musayerekeze kuionera masana pafoni, zithunzi zake nzamdima kwambiri, muzingoona nkhope yanu pagalasi. Ikufuna usiku, ndi mawu olembedwa pansi aja chifukwa chizungu chake chimathamanga. Komanso si ya ana. Mu episodi yachinayi ya sizoni yoyamba Wilson Fisk, mkulu wa zigawenga mufilimuyi, amapha munthu pomumenyetsa chitseko cha galimoto m'mutu kambirimbiri, akazi anga anadzuka pamenepo nkupita kukagona ndipo sanabwererenso mpaka sizoni yachitatu.

Kwa amene simukuidziwa, inayamba kutuluka pa Netflix mu 2015, sizoni yachiwiri 2016, yachitatu 2018, iliyonse maepisodi 13. Matt, amene akuseweredwa ndi Charlie Cox, anachita khungu ali ndi zaka 9 mankhwala oopsa atamuthira m'maso pangozi, koma makutu, mphuno ndi khungu lake zinayamba kumva kuposa munthu wamba. Masana ndi loya ku Hell's Kitchen mumzinda wa New York, iye ndi mnzake Foggy Nelson amaimira amphawi, ena amawalipira nthochi chifukwa ndalama alibe, ngati mmene kwathu munthu amapititsira nkhuku kwa amene wamuthandiza. Usiku amavala chophimba kumaso nkumakamenya amene khothi lawalephera.

Chifukwa chimene ndinamukondera Punisher sichinali cha mufilimu ayi. Chaka chatha anandithyolera shopu, anaboola kumbuyo nkutenga mafoni 14 a makasitomala, ndipo onsewo ndinalipira ndekha, miyezi isanu ndikudya ngongole, anthu akundinena kuti ndagulitsa ndekha. Mnyamata wina anagwidwa koma patangopita masiku ochepa ndinamuona akuyenda pamsewu akudya chinangwa. Mtima umene ndinali nawo tsiku limenelo ndi umene ndinaonera nawo Frank Castle, munthu amene mkazi wake ndi ana ake awiri anawomberedwa iye akuona, ndipo amene anayenera kumuthandiza anali kalikiliki kukwirira nkhaniyo. Akamawombera zigawenga ine ndimamva ngati akundibwezerera.

Kenako kunabwera tsiku lina la mu Meyi.

Ndinapita mtauni kukagula masikilini, ndiye chakumasana ndinangomva wakuba! wakuba! anthu akuthamanga, a kabaza kusiya njinga, amayi ogulitsa usipa kusiya malichero. Nane ndinathamanga, sindibisa, ndipo ndinakuwa nawo. Pofika ndinapeza amugwetsa kale, kamnyamata mwina zaka 17, malaya ang'ambika, patapata mmodzi ali uko, akuyesa kubisa mutu ndi manja koma wina wamuponda dzanja. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi chakuti sankalira mokweza, ankangoti amayi, amayi, motsitsa, magazi akutuluka m'khutu nkumasakanikirana ndi mchenga. Wina anakuwa kuti bweretsani tayala. Anamupulumutsa ndi bambo wina wachikulire wovala mkanjo woyera amene anangolowa pakati nkuima chomutangadza mwanayo, nkunena kuti amene akufuna kumuotcha ayambe waotcha ine, mpaka apolisi anafika nkumutenga. Anthu akubalalika ndinafunsa kuti kodi waba chani. Woyamba anati foni. Wachiwiri, amene ndinamuona ndi maso anga akumenya ndi thabwa, anati akumva kuti njinga. Mayi wina anati ndalama za mzimayi wa tomato. Anthu atatu, zinthu zitatu, ndipo onse anali atamenya kapena kukuwa, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Mu Juni, mwera ukuwomba, makasitomala achepa, ndinabwerera ku episodi yachitatu ya sizoni yachiwiri, ija Frank wamumanga Matt ndi unyolo padenga nkumakangana usiku wonse. Ulendo woyamba ndinkangomvera Frank, mfundo yake yakuti amene iye wamugwetsa sadzukanso. Ulendo uno ndinamvera Matt, amene akuumirira kuti munthu ngakhale woipa bwanji amakhala ndi kampata kosintha ndipo ukamupha watseka kampatako. Sindinena kuti Matt anapambana mkanganowo, olemba anachita bwino osapatsa aliyense chipambano, Frank amabweretsa munthu amene anaphadi gogo wosalakwa nkumuuza Matt kuti sankha. Koma ndinaona chinthu chimene poyamba chinandidutsa. Onse awiriwa AMADZIWA amene walakwa. Matt amamva kugunda kwa mtima wa munthu, ukanama amadziwa pompo, amamva kulira kwa mwana nyumba zingapo kutali. Filimu inamupatsa khutu limene sililakwitsa, ndiye akamenya munthu ife oonera mtima uli m'malo chifukwa tikudziwa kuti wamenya wolakwa. Tsono ife pamsika paja khutu limenelo tinalitenga kuti? Tinali ndi mawu amodzi okha, wakuba, ochokera pakamwa pa munthu amene palibe anamuona.

Apa mpamene ndikuti filimuyi ndi yabwino komanso ndi yoopsa nthawi imodzi. Imakuonetsa kutengera malamulo m'manja kuli kokoma chifukwa wochitayo salakwitsa, pomwe kwathu kuno tikudziwa mmene zimathera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre, anthu anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo, wina anali mnyamata wodwala khunyu. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa ati ndi mfiti, mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Amene anachita zimenezo aliyense mumtima mwake ankadziona ngati akuteteza mudzi, ngati mmene Matt amanenera za mzinda wake.

Za mnyamata wanga wa chinangwa uja nazonso ndinadzazimvetsa mochedwa. Kasitomala wina amene anaphunzirako zamalamulo anandifotokozera kuti Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo, belo si kuti mlandu watha. Ambirife sitidziwa zimenezi, tikamuona munthu panja timangoti wagula mlandu. Komabe ndisaname, mlandu wanga unangozilala, tsiku lino bwerani mawa, mawa bwerani sabata yamawa, mpaka ndinatopa ndi ndalama za kabaza, ndiye mkwiyo wa anthu ndimaumvetsa, suchokera kumwamba. Daredevil nayo sibisa zimenezi, ndipo apa ndimaipatsa ulemu. Mu episodi 10 ya sizoni yoyamba Matt amamuuza Foggy za munthu woyamba amene anamumenya, bambo wogwirira mwana wake yemwe, Matt anayamba wakanena kwa oona za ana koma sizinaphule kanthu, mwanayo nkumapitirira kuzunzika usiku ndi usiku iye akumva. Ndani angamuweruze pamenepo? Ine sindingathe. Foggy yekha ndi amene amalimba mtima kumufunsa kuti nanga iwe loya, unalumbira kutsata malamulo, ukusiyana pati ndi amene ukuwamenya.

Chinthu china chimene chakula m'maso mwanga miyezi imeneyi ndi Fisk. Vincent D'Onofrio anamusewera mochititsa mantha, chimunthu chachikulu cholankhula mwamanyazi, chokonda zojambula, chimene chinapha bambo ake ndi hamala chili kamwana poteteza mayi ake. Iyeyu sathyola shopu ya munthu. Amagula nyumba za amphawi nkuwathamangitsa ati akukonza mzinda, amagula apolisi, atolankhani, andale. Gogo Elena Cardenas amakana kuchoka m'nyumba yake yalendi, amaphedwa. Mtolankhani Ben Urich amafukula nkhani, amaphedwa. Ndikamaona zimenezi ndimaganiza za kunyanja kwathu, ukamayenda msewu wopita ku Monkey Bay mipanda ili ndandanda, malo amene asodzi ankakokerapo makoka ndi amayi kuchapirapo pano uyenera kuzungulira mtunda kuti upeze polowera. Sindikuti eni mipandawo ndi a Fisk ayi, ambiri anagula mwadongosolo, koma funso lakuti chitukukochi nchayani limabwera lokha. Ndipo taganizani, ndalama za boma zimene zinabedwa pa Cashgate mu 2013 zinali mabiliyoni, mankhwala akusowa m'zipatala, kodi alipo amene anamuthamangitsa ndi thabwa? Thabwa limagwera wa foni imodzi, wopanda nsapato. Matt nayenso usiku ndi usiku amathyola manja a tianyamata totumidwa, koma Fisk kumugwetsa kwenikweni zinatengera mboni ndi mapepala.

Nchifukwa chake pano munthu amene ndimamukonda kwambiri si Frank kapena Matt, ndi Ray Nadeem wa sizoni yachitatu, wapolisi wa FBI, bungwe lofufuza milandu la boma la America, amene analowa m'ngongole polipira chithandizo cha khansa cha mlamu wake, akufuna kukwezedwa pantchito kuti apume, Fisk nkumukola pomwepo pang'onopang'ono mpaka kupezeka akutumikira chigawenga. Alibe mphamvu zachilendo, ndi bambo chabe wa mwana mmodzi amene akuopa. Pomaliza amajambula vidiyo pafoni kuulula zonse akudziwa kuti aphedwa, ndipo umboni umenewo ndi umene umathandiza kumubwezera Fisk kundende. Akazi anga analira pamenepo. Tonse tikudziwa wachibale amene anayamba kulandira za m'thumba chifukwa cha matenda a pakhomo.

Zachipembedzo nazo anazigwira bwino. Ine ndine Msilamu koma zokambirana za Matt ndi wansembe wake Father Lantom zimandigwira mtima, munthu kupita kukafunsa ngati kupha munthu mmodzi woipa kuti ambiri apulumuke kuli kololedwa, wansembe osamupatsa yankho lophweka koma kumufunsa ngati akufunadi chilungamo kapena akungofuna chifukwa chophera. Funso limenelo ndinadzifunsa ndekha za tsiku la mu Meyi lija, kuti ndinkathamangira chilungamo cha mwini foni kapena mafoni anga 14.

Zolakwika zilipo. Theka lachiwiri la sizoni yachiwiri, nkhani ya Elektra, chibwenzi chakale cha Matt, ndi maninja a gulu lotchedwa The Hand, ulendo wachiwiri ndinkangodumpha, ikuchotsa filimuyi pansi pamene inaponda nkuipititsa kuzamizimu zosamveka mutu wake. Maepisodi ena apakati amakoka. Ndipo Matt amazunza anthu pofuna kuti aulule, wina anamuponya kuchokera padenga, koma filimu imadutsapo msanga ngati palibe chachitika, pomwe ikufuna timuone kuti ndi wosiyana ndi Frank chifukwa chakuti sapha basi. Ndewu zake zokha ndiye palibe chonena, ija ya mukhonde mu episodi yachiwiri ya sizoni yoyamba, akukapulumutsa kamwana kobedwa, amatopa, amatsamira khoma, amagwa nkudzukanso, ndaibwereza kosawerengeka ndipo sinandikwane.

Netflix inaisiya mu Novembala 2018, koma mu 2025 inabweranso pa Disney+ ndi dzina lakuti Daredevil: Born Again, achimwene alonjeza kuti abwera nayo Disembala. Mwana wa achemwali anga, wa Fomu 2, wakhala akundivutitsa kuti ndimuikire pa memore khadi chifukwa anzake kusukulu akumuuza za Punisher. Ndamukaniza. Ndamuuza kuti adikire amalize Fomu 4, tidzaonere limodzi mushopu muno usiku, ine ndili pambali pake, ndipo tikadzafika padenga paja ndidzaimitsa kaye kuti ndimufotokozere za kamnyamata ka patapata mmodzi kaja.