Ndemanga pa nyumba ya chikhalidwe ya Chamare ku Mua

Munthu wofuna kumvetsa Gule Wamkulu kupyola pa kuonerera pabwalo ayenera kukafika ku Kungoni, malo osungira chikhalidwe ndi luso pa Mishoni ya Mua m'boma la Dedza, ndipo ndikunena izi nditayendetsedwa m'zipinda zonse zitatu za nyumba ya Chamare. Mishoniyi inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, pomwe malo a Kungoni anayambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher ochokera ku Canada, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Chisale.

Chipinda choyamba chimafotokoza mbiri ya mishoni ndi kufika kwa Chikatolika kuderali, ndipo sichitenga nthawi yaitali. Chimene chinandisunga ndi chachiwiri, cha Achewa, mmene muli zigoba za gule zoposa 400, zambiri zitapachikidwa pamtengo woima pakati pa chipinda. Wotiyendetsa sanangotchula maina a zilombo ayi, koma anafotokoza mwambo umene chilichonse chimanyamula. Anatiimitsa pa Chadzunda, mkulu wa nkhope yakuda ndi makwinya, ndi pa Simoni wa nkhope yofiira, amene amaimira mzungu wopsa ndi dzuwa, kenaka nkutiuza chifukwa chimene Kasiyamaliro amatulukira pa maliro. Ambiri tinakula tikungothawa gule panjira, osadziwa kuti m'nyimbo zake muli chidzudzulo cha ulesi, kuuma mtima ndi dama. Wotiyendetsayo anayankha mafunso athu modekha, ndipo pamene nkhani inakhudza zakudambwe anaimira pomwepo mwaulemu, zimene ndinaona kuti n'zoyenera. M'chipinda chimenechi saloleza kujambula zithunzi, choncho foni ikhale m'thumba.

Chipinda chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao, ndipo chimaonetsa zovala, zida ndi miyambo ya chinamwali. Kunja, makoma a nyumbayi ali ndi zojambula zosimba mbiri ya dziko lino, ndipo n'kofunika kuziona musanalowe chifukwa zimathandiza kutsata zimene mukamve mkati.

Ziboliboli zogulitsidwa pamalopa ndi za amisiri a m'deralo ophunzitsidwa pa Kungoni pomwepo, ndipo kasemedwe kake n'kosalala kuposa zimene timaona m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Mtengo wake ndi wokwerako, koma mukaona mmene nkhope ndi zala zasemedwera mudzavomereza kuti ndalamayo siyotayika.

Mua ali pafupi ndi Mtakataka, ndipo mumapatuka pamsewu wa M5 wochokera ku Salima. Dera limeneli limatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, kotero ndi bwino kufika m'mawa ndi kupatula maola atatu kapena kuposerapo. Aphunzitsi amene akufuna kupita ndi ana asukulu awagawe m'magulu ang'onoang'ono, popeza m'chipinda cha zigoba anthu akachuluka, oima kumbuyo samva zimene zikufotokozedwa.