DVD ya Lotte ya ku Estonia: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinagula DVD imeneyi pa intaneti miyezi iwiri yapitayo, ndipo ana anga aionera mobwerezabwereza mpaka chimbale chayamba kukalika. Ndi katuni ya mu 2006 yotchedwa Leiutajateküla Lotte, imene Heiki Ernits ndi Janno Põldma anapanga ku situdiyo ya Eesti Joonisfilm ku Tallinn, mothandizana ndi anzawo a ku Latvia.

Lotte ndi kagalu kakakazi kokhala m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, momwe anthu ake amapikisana chaka ndi chaka pa luso lopanga makina. Bambo ake a Oskar ndi katswiri pa mpikisanowo. Kenako m'mudzimo mukufika njuchi ya ku Japan, dzina lake Susumu, n'kuyamba kuphunzitsa ana judo. Apa ndi pamene filimuyi inandigwira mtima. Mlendo uja amulandira ndi manja awiri, aphunzira zake, mpaka ulendo wa ku Japan aupita, koma mudziwo sukusintha nkhope. Tinyumba take, nkhalango, nyanja, zitumbuwa zawo zopyapyala zija za mu felempani, zonse zikhalabe zakwawo. Kayendedwe ka nkhani n'kofatsa, kopanda phokoso ndi ndewu za makatuni amene ana amapeza pa YouTube. Mwana wanga wamng'ono, yemwe sakhazikika, anakhala duu pamkeka, ndipo m'mawa mwake ndinamupeza akumangirira zitsekerero za mabotolo pa katoni, akuti akupanga makina ochapira mbale.

Estonia ili ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni okha, ndipo inapezanso ufulu mu 1991 itachoka mu Soviet Union. Komabe ntchito yopanga makatuni anaiyamba kalekale: situdiyo ya makatuni a zidole ya Nukufilm inatsegulidwa mu 1957. Mtundu wochepa chonchi kumajambulira ana ake nthano m'chilankhulo chawo, ine ndimaugwadira.

N'chifukwa chake nyenyezi imodzi ndaichotsa. Wogulitsa analemba kuti muli zilankhulo ziwiri, koma chimbale chimene ndinalandira chili ndi mawu achingelezi okha. Ndinkafunitsitsa kuti ana amve Lotte akulankhula chakwawo, ngakhale asamve tanthauzo. Ndinamulembera kawiri, mpaka lero zii. Chinachedwanso kufika ndi milungu itatu.

Zithunzi n'zowala bwino pa TV yathu. Musanalipire, mufunseni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa chikuto, muone nokha ngati mawu achiestonia alimo.