Ulendo wa ku nyumba yachifumu ya Bran: ndinakafuna Dracula, ndinapeza strigoi

Ndinapita ku Bran, pafupi ndi mzinda wa Brașov ku Romania, mtima uli pa nkhani za anamapopa, poti nyumba yachifumu ya kumeneko imatchuka ngati nyumba ya Dracula. Wotiyendetsa, mayi wachikulire ndithu, sanatinamize. Anatiuza poyambirira pomwe kuti Bram Stoker, mlembi wa buku la namapopa wotchedwa Dracula lomwe linatuluka mu 1897, sanapondeko m'dzikolo, ndipo nyumbayi, yomwe chilolezo choimanga chinaperekedwa mu 1377, imakumbukira kwambiri Mfumukazi Marie ya ku Romania kusiyana ndi Vlad Țepeș, wolamulira wakale amene anthu amamulumikiza ndi Dracula. Ena anakhumudwa. Ine ndinamukonda pomwepo.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya strigoi, akufa amene anthu akumidzi ankakhulupirira kuti amadzuka m'manda kudzayamwa moyo wa abale awo. Mayiyo anafotokoza mmene usiku wotsogolera tsiku la Andreya Woyera, 30 Novembala, anthu ankapakira adyo m'zitseko ndi m'mawindo. Ankalankhula motsitsa mawu, chala chikuyenda pa felemu ya windo ngati akupakadi.

Tili pa masitepe obisika a m'khoma, opapatiza moti mapewa ankakhula miyala, ndinamva fungo la adyo, lamphamvu mpaka kukoma kwake pa lilime. Ndinafunsa amene anali kumbuyo kwanga, iye akuti akungomva chinyezi. Kaya ndi maganizo chabe, koma thupi langa linachita tsemwe, ndipo fungolo ndinatuluka nalo mpaka pachitsime cha pabwalo.

Ngati mukupita, lawirirani m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera anthu amachita kupanikizana. Valaninso nsapato zogwira pansi.